Opita ku Italy asapanikize mizinda yonse m'sabata imodzi

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa za maulendo a ku Italy. Magulu a mpingo akakonza zopita ku Roma, nthawi zambiri amafuna kupondanso ku Florence, ku Venice ndi kunyanja za kumpoto, zonsezo m'masiku 7. Ndondomeko yotere imathera m'masiteshoni, anthu akuguza masutikesi. Langizo lathu ndi lakuti pa masiku 10 musankhe malo ogona atatu okha, ena onse muziwayendera m'mawa n'kubwerako madzulo.

Za viza sitichulukitsa gaga m'diwa. Mmalawi amafunika viza ya Schengen, yomwe wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo pamafunika inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Pempho limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike, choncho palibe chifukwa chodikira mwezi womaliza. Ndege za Ethiopian zodzera ku Addis Ababa zimatera ku Roma komanso ku Milan. Gulani tikiti yolowera ku Roma n'kutulukira ku Milan, kuti musataye tsiku lathunthu kubwerera kumene munayambira.

Dzikoli limayendeka bwino pa sitima yapamtunda. Sitima zaliwiro, Frecciarossa ndi Italo, zimatenga ola limodzi ndi theka kuchoka ku Roma kufika ku Florence, ndi maola awiri ndi mphindi zochepa kuchoka ku Florence kufika ku Venice. Tikiti zake zimakhala za mpando ndi nthawi yake, ndipo mtengo umakwera tsiku likamayandikira. Pa tikitipo maina alembedwa m'Chitaliyana: Firenze, Venezia, Milano. Opita ku Venice atsikire pa Venezia Santa Lucia. Amene watsikira pa Venezia Mestre akadali kumtunda, ngalande zamadzi zimene Venice imatchuka nazo sazipeza.

Msampha waukulu uli pa sitima zoima paliponse, zotchedwa Regionale. Tikiti yapepala yogula pawindo kapena pamakina imayenera kudindidwa m'kamakina ka pasiteshoni musanakwere. Chifukwa chake n'chakuti tikitiyo ilibe mpando, ndiye popanda chidindo munthu angaikwerere kawiri. Kondakitala akakupezani nayo yosadinda amakulipitsani chindapusa pomwepo, ndipo zoti ndinu mlendo samazimva. Lamulo lomweli lili m'mabasi a m'tauni. Fufuzaninso mawu akuti sciopero, kutanthauza sitalaka. Ogwira ntchito m'sitima kumeneko amalengezeratu tsiku lonyanyala.

Za kubwereka galimoto, ife tikuti ayi, pokhapokha ngati mukupita kumidzi ya mphesa ya ku Tuscany. Ku Italy amayenda mbali yakumanja, zomwe dalaivala wa kwathu amaziiwala msanga pa raundabauti. Komanso pakati pa mizinda yakale pali zikwangwani zolembedwa ZTL, malo amene galimoto zopanda chilolezo sizilowa. Palibe wapolisi wokuimitsani, ndi kamera yokha, ndipo kalata ya chindapusa imakutsatirani patatha miyezi kudzera ku kampani yobwereketsa ija.

Ku Roma gonani masiku anayi. Kuchoka pabwalo la ndege la Fiumicino, sitima ya Leonardo Express imafika pa Termini, siteshoni yaikulu ya mzindawu, m'mphindi 32. Tikiti ya Colosseum, bwalo lakale lamasewero, imakulowetsaninso kumabwinja a Forum ndi paphiri la Palatine, koma imalembedwa dzina, ndiye yendani ndi pasipoti. Nyumba zosungira zakale za ku Vatican zimatseka Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pamene anthu amalowa ulere ndipo mzere umakhala wosaneneka. M'tchalitchi cha Petulo Woyera salola mapewa kapena maondo apamtunda. Amayi athu chitenje chimawathandiza apa kuposa chovala china chilichonse. Madzi musagule: mipopi yachitsulo ya m'misewu, yotchedwa nasoni, imatulutsa madzi akumwa usana ndi usiku. Basi nambala 64 yochoka pa Termini kupita cha ku Vatican imadziwika ndi opisa m'matumba, chikwama chikhale kutsogolo.

Florence, masiku awiri akwana, bola lisakhale Lolemba chifukwa nyumba ya zithunzi ya Uffizi imatseka. Pisa ili pa mtunda wa ola limodzi pa Regionale. Venice nayo mutha kuiyendera tsiku limodzi popita ku Milan, koma dziwani kuti kuyambira 2024 mzindawu umalipiritsa alendo osagona pa masiku ena otanganidwa, ndipo boti la basi, vaporetto, tikiti imodzi ndi mayuro 9.50. Mukafuna kukwera katatu kapena kuposera apo, ya tsiku lonse ndiyo yotsika mtengo.

Tifike kunyanja. Amene anakulira ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay asayembekeze kudabwa ndi kukula kwake. Garda, yomwe ndi yaikulu m'dziko lonselo, ili ndi masikweya kilomita pafupifupi 370, pamene nyanja yathu imaposa 29,000. Chokopa ndi mapiri a Alps otsetserekera m'madzi, nyumba zamiyala zosanjikana m'zitunda, ndi minda yamaluwa. Nyanja ya Como ndi yopapatiza koma yakuya mamita oposa 400, ndipo madzi ake ndi ozizira ndithu. Yapanga mphanda, ndipo mudzi wa Bellagio uli pamphandapo. Ambiri amalakwitsa potsikira mumzinda wa Como weniweniwo, womwe uli kunsonga yakumwera, kenaka n'kutha maola awiri m'boti loyenda pang'onopang'ono. Njira yachidule ndi sitima yochoka pa Milano Centrale kupita ku Varenna, ola limodzi basi. Pamenepo maboti amazungulira pakati pa Varenna, Bellagio ndi Menaggio, ulendo uliwonse pafupifupi mphindi 15. Onani nthawi ya boti lomaliza mukangofika, chifukwa kuzungulira pamsewu ndi kutali ndipo takisi ya kumeneko imaboola m'thumba. Kuyambira Novembala mpaka Malichi maboti amachepa ndipo mahotela ambiri amatseka. Wokonda Garda atsikire pa siteshoni ya Desenzano n'kukwera basi kapena boti la ku Sirmione.

Ku Milan, chithunzi cha Mgonero Womaliza chojambulidwa ndi Leonardo da Vinci chili m'chipinda chodyera amonke pa Santa Maria delle Grazie. Amalowetsa kagulu kochepa kwa mphindi 15 zokha, ndipo malo amatha kutatsala masabata angapo.

Ogasiti mupewe, makamaka sabata ya pa 15, chikondwerero cha Ferragosto: dzuwa limaswa mtengo, eni dziko ali patchuthi, mitengo ili kumwamba. Meyi ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino. Pa bilu ya m'lesitilanti mupezapo coperto, ndalama ya mpando pa munthu aliyense, ndipo khofi womwera chiimire pakauntala amatsika mtengo kuposa wa patebulo. Mahotela nawo amatolera msonkho wa mzinda pa usiku uliwonse, kawirikawiri padera pa mtengo munalipira pa intaneti. Osowa nsima akafika kumpotoko aitanitse polenta, ya ufa wa chimanga chachikasu, ngakhale nthawi zina imabwera yofewa ngati phala.

Awerengi anu,
Lilongwe