Kalata kwa mwana wanga ku Luchenza

Chitakale, Mulanje

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira munayenda bwino Lamulungu lija. Kuno tilipo, kungoti bondo la amayi ako likuvutabe m'mawa kukazizira. Akuti uwathokozere bambo a kunyumbako chifukwa cha shuga ndi sopo.

Pali mawu amene ndinawameza uli kuno. Pamaso pa mkamwini sindikanakudzudzula, ndipo pafoni mawu amathamanga munthu asanamalize kuganiza. Tili pakhonde unanena zinthu ziwiri. Unati wamuimitsa ntchito mnyamata amene anaononga zinanazi za tsiku lonse poyesa kadulidwe kakekake. Kenako unadandaula kuti antchito ako alibe nzeru zatsopano, amangodikira kuuzidwa, n'chifukwa chake ukufuna ngongole yogulira makina a magetsi oumitsira zipatso ochokera kunja. Iwe unazinena ngati nkhani ziwiri. Ine ndinagona nazo, ndipo kunacha ndikuona kuti ndi nkhani imodzi.

Ndikuuze chimene ndinachita ndili kapitawo ku esiteti, iwe usanabadwe. Pagulu langa panali mayi wina wa manja achangu, wothyola masamba awiri ndi nsonga basi, amene dengu lake silinkabwezedwa pa sikelo. Tsiku lina mu Januwale, tiyi atachuluka, anandiyandikira n'kundiuza kuti masamba akupsa m'matumba podikira thirakitala padzuwa. Anapempha kuti sikelo tiisunthire pansi pa mitengo ndi kuti masamba tiziwayala. Ankanena zoona. Tsamba la tiyi likathyoledwa limakhala likupumabe ndipo limatulutsa kutentha. Ukalipanikiza limafunda, limafiira lisanafike ku fakitale, tiyi wake amatuluka wopanda mphamvu ndipo ku okushoni ya ku Limbe mtengo umagwa. Iye ankapisa dzanja m'thumba tsiku ndi tsiku, ankamva kutenthako. Ine ndinkangogwira pensulo.

Ndinamuyankha pagulu kuti ntchito yake ndi kuthyola, zoganiza atisiyire ife. Patapita zaka ziwiri kunabwera mlangizi wolipidwa ndalama zambiri, anayendera minda, n'kunena zomwezo. Tinamanga mashedi. Mayi uja anagwirabe ntchito zaka zambiri pansi panga koma sanandiuzenso kanthu, ngakhale kamodzi. Ndipo sanali yekha. Onse amene anamva yankho langa tsiku lija anatseka pakamwa. Mpaka lero ndikamadutsa m'minda ya tiyi ndimadzifunsa kuti ndi zingati zimene anthu aja ankaziona n'kupita nazo kunyumba.

Ndiye pamene mnyamata uja ankatuluka pageti, dziwa kuti anzake onse ankayang'ana. Aphunzira kuti pa ntchito pako woyesa chinthu amaluza mchere wa ana ake. Mawa ukawafunsa maganizo adzakuyankha kuti zonse zili bwino, madamu. Adzakhala akudziteteza, ndipo sindingawanene.

Sindikuti mnyamatayo sanalakwe. Analakwa poyesera pa katundu yense, osakuuza. Koma kuba, kuledzera pa ntchito ndi ulesi ndi mlandu wina, kuyesa n'kulephera ndi nkhani inanso, ndipo mtsogoleri amene amazilanga ndi ndodo imodzi amatsala ndi anthu ongogwedeza mutu. Udzifunsenso kuti kodi panali malo oti ayesere mosabisa? Ukanakhala kuti unapatula thireyi imodzi pa shelefu, yoti aliyense woganiza njira ina ayeserepo atakuuza, ukanataya zinanazi ziwiri zokha, ndipo ukanadziwa ngati kudula mopyapyala kumaumitsa msanga kapena kumangopsereza m'mphepete. Panopa wataya za tsiku lonse, wataya munthu, ndipo yankho ulibe.

Pita tsiku lina ku Mimosa, ku malo ofufuza za tiyi aja, ukaone mmene anthu odziwa amagwirira. Mitundu ya tiyi imene alimi amaitama, monga SFS 150 ndi PC 108, sinagwe kumwamba. Amasankha ndi kukwatitsa mitengo yambirimbiri, kuibzala m'timinda ting'onoting'ono, kuiyeza zokolola, kulawa tiyi wake, kuiona pa chilala ndi pa matenda. Yambiri imatayidwa. Mtundu umodzi kuti uperekedwe kwa alimi pamadutsa zaka zoposa khumi. Kunena zoona ntchito yawo yaikulu ndi kulephera mwadongosolo, kulemba chimene chalephera ndi chifukwa chake. Akanakhala kuti amachotsa munthu pa mtengo uliwonse wokanika, bwenzi tikuthyolabe tiyi wakale wa njere. Ngakhale tiyi yemweyu anakhazikika kuno poyesa. Pamene Henry Brown ankabzala tiyi ku Lauderdale mu 1891, azungu a nthawi imeneyo mtima wawo unali pa khofi. Khofi atagwa, kambewu koyesera kaja n'kamene kanadzaza mapiri onsewa kuyambira ku Muloza mpaka ku Thyolo.

Ndinamvanso za kampani ya magalimoto ya Toyota ku Japan, kuti m'mafakitale ake wantchito wamba akaona cholakwika ali ndi ufulu wokoka chingwe choitanira mkulu wake, ngakhale kuimitsa mzere wonse wa ntchito. Taganiza, kampani yaikulu choncho kupereka mphamvu yotere kwa munthu womanga mabawuti. Anazindikira kuti woyamba kuona vuto ndi amene manja ake ali pa chitsulo.

Kwa iwe manja amenewo ndi amayi osenda aja. Iwo amadziwa kuti chinanazi cha mlimi uti chimakhala ndi madzi ambiri, cha kudera liti chimada chikauma, mpeni uti umataya mnofu. Koma usawaitanire ku ofesi n'kuwakhazika pa mipando kuti apereke maganizo. Mwambo wathu umatiphunzitsa kusayankhula pamaso pa wamkulu, ndipo mwambo umenewu ndimaulemekeza, koma pa bizinesi umabisa zambiri. Vala epuloni, tenga mpeni, khala nawo pa benchi ola limodzi pa sabata. Usafunse kuti muli ndi maganizo anji. Funsa kuti pa ntchito imeneyi chimakutopetsani kwambiri n'chiyani, chimene timataya kwambiri n'chiyani. Poyamba adzangoseka. Sabata yachitatu wina adzayankhula, ndipo mmene udzalandirire mawu oyambawo ndi mmene ena adzadziwire ngati khomo latsegukadi.

Ugule kabuku kachikuto cholimba. Lembamo ganizo, mwini wake, tsiku loyesa ndi chimene chatuluka. Likagwira ntchito, tchula dzina la mwini wake pamaso pa onse ndipo pa malipiro pake paoneke kanthu, ngakhale kochepa. Ichi usachiphonye. Ndinaona akuluakulu ambiri akutenga nzeru ya wantchito n'kukaipereka kwa bwana ngati yawo, ndipo palibe chimene chimaumitsa chitsime cha nzeru msanga kuposa chimenecho.

Makoko ndi mitima ya zinanazi imene mumakataya kudzala ija imandiwawa. Ku Satemwa, ku Thyolo kuja, esiteti imene inayamba mu 1923, amapanga tiyi wa mtengo wapatali wotchedwa Antlers kuchokera ku timitengo tanthete ta tiyi, ndipo amagulidwa kunja. Ife pa nthawi yathu timitengo tinkationa ngati chinthu chotsitsa giredi. Wina kumeneko anayang'ana chimene tonse tinkachinyoza n'kufunsa funso lina, ndipo akuluakulu ake anamulola kuyesa. Makoko akowo ena amapangira viniga, ena amadyetsa ziweto, ena manyowa. Sindikukuuza chochita nawo. Funsa anthu ako, uyese mu ndowa imodzi.

Tsopano za makina. Usandione ngati nkhalamba yoopa zatsopano. Ndinakhalapo pa mzere wa malipiro kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndiye pamene Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, ndinali m'gulu la oyamba kuno kulembetsa. Ndinakaonanso ndi maso anga ku Bondo, kumene a kampani ya MEGA amapukusa magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, midzi ya m'mphepete mwa phiri n'kumayaka, chipatala ndi zigayo zikugwira ntchito. Chimene chinandigwira mtima kumeneko n'chakuti anayamba ndi vuto la anthu ndi mtsinje umene unalipo kale, makina n'kubwera pambuyo.

Vuto lako ndikulidziwa ndipo ndi lenileni. Zinanazi zimachuluka nthawi ya mvula, pamene dzuwa silidalirika, ndipo chiperoni chikagwa mu Juni zoumitsa zimachita nkhungu. Mwina makinawo ukuwafunadi. Koma usanasaine pepala la ngongole, khala pansi uyankhe izi. Magetsi akazima pakati pa kuumitsa, katundu ali m'katimo atani? Kachitsulo kakathyoka, kakapezeka ku Limbe kapena mpaka kuitanitsa kunja ndi madola amene mabanki akusowa? Ndani pa Luchenza angawatsegule n'kuwakonza? Ukumbukire Novembala wa 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mmene analirira anthu amene ankadalira zipangizo zakunja. Ku fakitale ndinaonapo makina okongola atakhala chaka chathunthu atafunditsidwa lona chifukwa cha kachipangizo kokwana m'dzanja.

Ndiponso makina amafulumizitsa chimene ukuchidziwa kale. Kodi panopa ungandiuze kuti chinanazi chako chimauma bwino pa kutentha kotani, kwa maola angati, chitadulidwa mokhuthala bwanji? Ngati sungathe, makina a mamiliyoni adzangokuthandiza kuononga zambiri pa nthawi yochepa. Yamba ndi choyezera kutentha ndi kasikelo kabwino. Yezani kulemera musanaumitse ndi mutaumitsa, lembani m'kabuku kaja mwezi wathunthu. A Malawi Bureau of Standards akamadzabwera kudzaona ngati katundu wako ndi woyenera chizindikiro chawo, zolemba zoterezi zidzakuyankhulira. Ndipo ku Ndata si kutali. Yunivesite ya MUST ya kumeneko ija, chitsegulireni mu 2014, ili ndi ana ophunzira uinjiniya amene amasowa malo oyesera zimene akuphunzira. Kawapeze aphunzitsi awo. Mwana wa sukulu mmodzi, wowotcherera zitsulo wa pa Luchenza pomwepo ndi mnyamata wako uja akhoza kukupangira choumitsira chaching'ono cha dzuwa chokhala ndi ng'anjo yothandizira kukachita mitambo. Chikakanika wataya malata ochepa. Chikatheka, wochikonza ali pakhomo.

Za AI, pulogalamu ya pafoni yoyankha ngati munthu imene unkandionetsa ija, ndinaona kuti imalemba kalata bwino ndipo imathandiza kusanja mawerengero. Igwiritse ntchito, koma manambala uziwabwereza wekha, ndipo usaifunse zimene mayi wosenda angakuyankhe bwino. Sinalawepo chinanazi cha kuno. Chimene ndingakonde kuti uyambe msanga ndi kulipira alimi ako pafoni tsiku lomwelo ndi kuwaika pa gulu la WhatsApp, kuti azikuuza zakupsa usanatumize galimoto. Zimenezi sizifuna ngongole. Ungosamala kuti usagwire zonse nthawi imodzi, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pali chinanso chovuta kunena. Juwisi wa m'mabotolo uja ndi ganizo lako, umamukonda, koma wekha unati akubwerera m'mashopu atasasa. Antchito ako akudziwa, akungoopa kukuuza. Ukumbukire matenda a chisaka atalowa m'nthochi za ku Thyolo ndi kuno. Alangizi ankati zulani zonse zodwala, mubzale mbewu yoyera, chifukwa nsabwe zimatenga matenda pa phata lodwala kupita nawo pa labwino. Ambiri tinakana, ine ndemwe, poti nthochi zija tinabzala ndi manja athu. Mapeto ake tinataya zonse, dziko n'kuyamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ukadzaima pamaso pa antchito ako n'kunena kuti ganizo langa ili lakanika, tiyeni tilisiye kapena tilikonze, udzakhala wawaphunzitsa zimene msonkhano uliwonse sungawaphunzitse. Adzaona kuti pano kulephera si imfa, poti ngakhale mwini wake amalephera n'kuvomera.

Ndikudziwa kuti katundu amene wasenza ndi wolemera. Unayamba ndi tebulo limodzi, namondwe Freddy anakugwetsera shedi mu Malichi 2023 n'kudzukanso, ndipo lero mabanja angapo akudya chifukwa cha iwe. Ukali umene unamuonetsa mnyamata uja unachokera pa mantha a ngongole ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndikumvetsa. Ine ndinalibe wondiuza, ndipo mayi uja anamwalira ndisanamupepese.

Mutumizire uthenga mnyamatayo sabata ino. Umuuze poyera pamene analakwa, kenako umufunse pamaso pa anzake kuti ankafuna kuona chiyani, ndipo umupatse thireyi yake ayesenso. Za ngongole dikira mpaka kabuku kadzaze mwezi umodzi. Ukamabwera kumapeto kwa mwezi ubwere nako tidzaonere limodzi, maso anga pa manambala akadali bwino. Amayi ako akuti ubweretse ana adzagone, mapeyala a kuseri kwa nyumba ayamba kugwa.

Ndine bambo ako.