Chilengezo: sewero la Sande ya Reformation

Achinyamata a Lutheran nonse,

Sande yomaliza ya Okutobala ndi ya Reformation, yokumbukira momwe Martin Luther anayambitsira kukonzanso mpingo, ndipo abusa ati sewero chaka chino ndi lathu. Tikumana Loweruka lino 2 koloko masana mutchalitchi momwemo, osati pansi pa mango paja, kuti tigawane mbali.

Sewerolo liyambira pa 31 Okutobala 1517 pomwe Martin Luther anatulutsa mfundo 95 zija ku Wittenberg m'dziko la Germany potsutsa zogulitsa makalata achikhululukiro, likathera ku Worms mu 1521 pomwe anakana kubweza zomwe analemba pamaso pa mfumu yaikulu Charles V. Wofuna kukhala Tetzel, wogulitsa makalata uja, akhale wa mawu okweza ndithu chifukwa chaka chatha azigogo akumbuyo sanamve kanthu, ankangofunsana kuti akuti chani.

Bwerani ndi Baibulo ndi Katekisimu Wamng'ono, Aefeso 2:8-9 mukhale mutaloweza, tidzanena tonse pamodzi pomaliza. Aliyense K1,500 ya nsalu yofiira ya paguwa ndi makatoni opangira chitseko chokhomapo mfundozo, perekani kwa msungichuma. Amene muli ndi hamala kunyumba tibwerekeniko.

Yankhani kuti "ndibwera" pofika Lachinayi madzulo, osangoika kachala ayi, tikufuna maina.