Chilengezo kwa amayi onse a banki m'khonde yathu

Amayi anzanga mwaswera bwanji, Loweruka likubwerali tikumane 2 koloko pamalo pathu paja pa Kamuzu Road ndipo chonde tisachedwe, nkhani ndi ya mnzathu uja mwana wake wachiwiri adokotala anamupeza ndi nyamakazi ya ana.

Enafe timadziwa kuti nyamakazi ndi ya agogo koma ayi ndithu, imagwiranso ana osakwana zaka 16. Chitetezo cha mthupi chimalimbana ndi malo olumikizana mafupa, nde mawondo ndi akakolo amatupa kupitirira masabata 6, m'mawa mwana amadzuka ali gwaa kulephera ngakhale kumanga mabatani a yunifolomu mpaka mayi ake amuthowe ndi madzi ofunda, dzuwa likakwera mpamene amayamba kuyendako bwino. Sikulodzedwa, ndipo sapatsirana, ana athu azisewera naye basi, zomanena kuti ndi waulesi zija zinandiwawa kwambiri ine zitheretu.

Pano akumapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, akayezedwenso maso poti matendawa amatha kuononga maso mwakachetechete mwana osadandaula chilichonse. Thiransipoti ya minibasi mukuidziwa nokha mmene yakwerera, kunyumba kumatsala ana awiri wina woyamba kumene kuyenda, bambo awo amakhala ali kunyanja ku Senga Bay.

Nde tidzagawane masiku, wina kutunga madzi wina kuphikira ana ndi kuwaperekeza ku sukulu, komanso tikambirane zotapako pa thumba la zadzidzidzi. Amene simubwera tumizani kangachepe kanu pa Airtel Money kapena Mpamba kwa asungichuma pasanafike Lachisanu, mundiuzenso tsiku lomwe mungathe kukathandiza ndilembe.