Si chiswe chokha chimene chikupha bulugamu

A Mkonzi,

Tiloleni tichenjeze amene ali ndi minda ya bulugamu kuzungulira Lusaka, pamodzi ndi ogula mapolo ku msika wa Buseko. Bulugamu akauma, ambiri amathamangira kunena chiswe. Koma mukasenda khungwa n'kupeza tinjira todzaza utuchi, tochokera malo amodzi n'kumakula tikamatalikira, wolakwa ndi chikumbu cha nyanga zazitali chotchedwa Phoracantha semipunctata.

Kwawo n'ku Australia, kumene bulugamu anachokera. Chinaoneka ku South Africa mu 1906, kenaka chinafalikira mpaka kuno ku Zambia, ku Malawi ndi ku Zimbabwe. N'chotalika masentimita 2 kapena 3, choderako, chokhala ndi mzere wachikasu wokhotakhota pamapiko. Chimauluka usiku, masana n'kubisala m'makungwa otukuka, n'chifukwa chake alimi ambiri sanachionepo.

Chachikazi chimaikira mazira m'timagulu pansi pa khungwa, ndipo amaswa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Mphutsi zimadya mnofu wa pakati pa khungwa ndi thima, momwe mumadutsa chakudya cha mtengo. Tinjira tazo tikazungulira thunthu lonse, mtengo wafa basi. Zikakhwima zimaboola n'kulowa m'thima, ndipo potuluka zitasanduka zikumbu zimasiya mabowo obulungira motalika.

Mtengo wokhuta madzi umadziteteza wokha: khungwa lake lonyowa limamiza timphutsi tisanalowe. Umene umagonja ndi wofooka ndi ludzu, monga mmene mitengo inavutikira ndi chilala cha 2024, makamaka yobzalidwa mothinana pa dothi losaya.

Chimene chimatiwawa n'chakuti chikumbuchi timachiweta tokha. Mapolo ongodulidwa kumene akaunjikidwa ndi makungwa ake pafupi ndi munda, fungo lake limachiitana. Sendani khungwa lonse tsiku lomwe mwadula, likadali lofewa, ndipo sanjikani mapolo pa mitanda kuti asagunde pansi ndi kuti mphepo izidutsa. Mtengo umene wagwidwa kale udulidwe, usendedwe, makungwawo atenthedwe. Nkhuni za bulugamu muziwaze kuti ziume msanga.

Kupopera mankhwala pa thunthu n'kutaya ndalama, chifukwa mphutsi zili mkati momwe mankhwala safika. Ogula mapolo, bayani chikwanje pansi pa khungwa musanalipire. Likatukuka lokha n'kukhuthuka utuchi, polo limenelo lisiyeni.

Ife,
Alimi a mitengo,
Lusaka West