Amuna anga ndi namwino, amasuta chamba, ine ndinawabisira cholakwa

Azakhali,

Ndikulemba pano nthawi yapitirira 1 koloko usiku. Ana agona, amuna anga ali ku naiti, ine tulo tandithawa. Chonde dzina langa musalembe, ndipo la chipatala sinditchula. Ingodziwani kuti tili kuno ku Chipata, ndipo tonse awiri ndife anamwino pamalo amodzi, iwo ku wodi ya ana, ine amandizunguliza mawodi.

Amuna anga amasuta chamba. Ndalemba mawu amenewa ndi kufufuta katatu. Si munthu woipa, Azakhali. Samwa mowa, sanandikwezerepo dzanja, ku tchalitchi amapita ngati sali pa shifiti. Ine nditamaliza sukulu ya unamwino ndinakhala pakhomo zaka zinayi popanda ntchito, ndikugulitsa vitumbuwa ndi zitenje ku msika wa Kapata, mpaka mu 2022 pamene boma linalemba anthu azaumoyo oposa 11,000 ndi pomwe dzina langa linatuluka. Zaka zonsezo amatisamala ndi iwo, ngakhale sopo wanga wosamba. Ndiye mukamawerenga musaganize kuti ndine mkazi wosayamika.

Zinayamba nthawi ya korona, m'nyengo yozizira ya 2021, anthu akufa motsatizana. Anawaika kumene amagoneka odwala matendawo. Akabwera kunyumba amangokhala pakhonde osayankhula, nsima kuisiya theka, usiku maso gwa. Mnzawo wina anawapatsa fodya wamkuluyo kuti awathandize kugona. Anandiuza okha, sanandibisire, ndipo ine ndinati bola agone. Apa ndi pamene ndinalakwira kapena? Ndimaganiza kuti mliri ukatha nawonso asiya. Poyamba amasuta akaweruka naiti basi. Kenako pa ofu. Tsopano ndimamva fungo pa yunifolomu ndikamasita, ndipo amadzipopera perefyumu yanga kuti liphimbike. Botolo limenelo ndinagula ndi ndalama yanga ya chilimba ku Down Shops, ndimafuna lindifikitse Khirisimasi, koma latha m'miyezi iwiri. Nditadandaula anati ndine wouma mtima pa kanthu kakang'ono. Mipukutu ya chambacho ndinaipeza mu sokisi, yolowetsedwa mu gambuti kuseri kwa chitseko, pomwe mwana wathu wazaka zitatu amakonda kusewera.

Ndikawafunsa amati boma linaloleza. Ine ndikudziwa kuti si choncho. Lamulo la 2021 lija ndi la anthu okhala ndi chilolezo cholima chamba cha mankhwala ndi kafukufuku, osati chosuta kuseri kwa nyumba, ndipo a DEC, a boma olimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, akumangabe anthu, timamva pa wailesi. Amatinso ndi tsamba chabe, Mulungu analenga. Munthu amene anaphunzira zomwe ndinaphunzira ine, amene akudziwa kuti chamba chimachedwetsa maganizo ndi kuiwalitsa zimene wangouzidwa kumene, komanso kuti kwa wosuta tsiku ndi tsiku chimaonekabe mu mkodzo patapita masabata, akundiyankha ngati mnyamata wa pa siteshoni ya basi.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Masabata atatu apitawa ndinalowa m'mawa ku wodi ya ana kukalandira ntchito kwa iwo. Panali kamwana ka malungo aakulu, kochokera kumudzi cha ku Chadiza, kali pa artesunate. Jakisoni ameneyu amaperekedwa mwana akangofika, wachiwiri pakatha maola 12, wachitatu pa maola 24. Wachiwiriwo umayenera kuperekedwa 2 koloko usiku. Nditatsegula faelo, malo ake anali oyera, palibe siginecha. Kabotolo kanali m'tireyi kosatsegula. Mayi wa mwanayo anali atakhala pansi pa chitenje pafupi ndi bedi, atagwira kamwendo ka mwana wake, ndipo anandiuza mwaulemu, “Asisita, adokotala aja usiku sanabwere, mwina anatanganidwa.” Kumudzi namwino wamwamuna amamutcha dokotala. Sanadandaule nkomwe, amawaikira kumbuyo. Ndinayang'ana amuna anga, maso ali psuu, akuti anapereka, kenako akuti mwina anasokoneza ndi bedi lina.

Ndinasungunula mankhwalawo manja akunjenjemera, ndinapereka pa kanyula, kapaipi kolowa mu mtsempha, ndipo pa faelo ndinalemba 2 koloko usiku pomwe inali itadutsa 7 m'mawa. Ndinalemba bodza ndi dzanja langa. Palinso china chimene ndinachita pa faelo yomweyo chimene sindingathe kuchilemba pano. Mwanayo anachira, anatuluka, mayi ake anabwera kudzanditsanzika atanyamula nthochi kuti ndikapatse ana. Ndinalephera kuzidya. Ndinazisiya mu ofesi mpaka zinada.

Mwina sichinali chamba. Usiku umenewo anali yekha ndi ana odzaza wodi, ndipo ine ndikudziwa mmene naiti imakhalira, munthu umatha kuiwala ngakhale usanasute kanthu. Ndimadziuza choncho. Koma ananyamuka kunyumba atachedwa kuseri kwa bafa, ndipo ndinamva fungo popereka chikwama chawo. Ndinangoti muyende bwino.

Kunyumba nditawakhazika pansi analira, anati asiya. Anasiya masiku asanu. Masiku amenewo sanagone, amakwiya ndi chilichonse, anakalipira mwana chifukwa chotaya tiyi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anabwera ali phee, akuseka ndi ana, ndipo ndinadziwa. Choipa n'chakuti mumtima mwanga ndinapumako, chifukwa m'nyumba munabwerera mtendere. Ndine munthu wotani ine?

Ndinayesa kuwanong'oneza apongozi anga ku Katete, osatchula chambacho, kungoti mwana wawo sakugona bwino ndipo akusintha. Anandiyankha kuti mwamuna amaonda chifukwa cha mkazi wosakhala pakhomo, kuti chiyambireni ntchito ndimawadyetsa soya ndi mazira. Ine amene ndimadzuka 4 koloko kuphika nyemba ndisanapite ku shifiti. Feteleza wa chaka chatha matumba anayi anachokera pa ngongole imene akudula pa peyisilipi yanga, osati ya mwana wawo, koma pothokoza anathokoza iye yekha pa foni ine ndili pompo ndikumva. Alamu anga aakazi nawonso anabwereka poto wanga wamkulu pa maliro mu Epulo, mpaka lero. Izi n'zazing'ono, ndikudziwa, koma ndi anthu omwewa amene adzanene kuti ndamulodza kapena ndamuchotsetsa ntchito mwana wawo ndikangotsegula pakamwa.

Alangizi anandiphunzitsa kuti za m'nyumba saulula. Ku sukulu anatiphunzitsa kuti wodwala ndiye woyamba. Laisensi yathu timaikonzetsa chaka ndi chaka ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo khonsoloyo ili ndi mphamvu yoimitsa munthu kapena kumulanda pepalalo. Akalandidwa iwo, tidya chiyani ndi ana awiri, lendi ndi ngongole ziwiri? Nanga akafufuza mafaelo n'kupeza kuti inki ya 2 koloko ija ndi yanga, si ndiye kuti tonse tapita? Ndinadikira ntchito imeneyi zaka zinayi, Azakhali. Amayi anga anagulitsa ng'ombe kuti ndimalize sukulu.

Ndamva kuti a DEC ali ndi mbali yopereka uphungu kwa ofuna kusiya. Koma munthu wovala yunifolomu ya boma angalowe mu ofesi imeneyo n'kutuluka osamangidwa, nkhani osafika kuntchito? Chipata ndi yaing'ono, wa njinga amene wakunyamula m'mawa madzulo akunyamula a sisita oyang'anira wodi. Ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Lusaka, ndikangotchula amati ndikuwayesa amisala, ndiponso Lusaka ndi kutali, tchuthi angapemphe ponena kuti chiyani? Anzathu amene amaona za maganizo pa chipatala pathu timadya nawo pamodzi masana.

Ndiye ndichite chiyani? Ndipite kwa a sisita oyang'anira ndikawapemphe kuti awachotse pa naiti popanda kunena chifukwa, kapena ndiulule zonse pamodzi ndi changa chomwe? Ndiyambire kwa ankhoswe, amene ndi amalume awo ndipo sasunga mawu? Abusa angathandize pa chinthu chotere kapena angowaimitsa kutsogolo? Kodi ndikawaopseza kuti ndinyamula ana ndibwerere kwathu ku Lundazi, n'kuwathandiza kapena n'kuwakankhira kuphompho? Ndipo ngati ndikhala chete, tsiku lina mwana wa munthu n'kutisiya chifukwa cha jakisoni woiwalika, mlandu umenewo pamaso pa Mulungu udzakhala wa yani?

Ndimawakonda amuna anga. Koma usiku uno, pamene ndikulemba, ali yekha ndi ana a anthu mu wodi muja, ndipo ponyamuka anachedwanso kuseri kwa bafa. Ndawaimbira kawiri kuti ndiwakumbutse mankhwala a 2 koloko, foni ikungoitana. Ndiyankheni msanga, chonde.

Ine wosweka mtima,
Namwino wa ku Chipata