Tisaiwale mmene Covid-19 inalowera kuno

Akonzi,

Tipatseniko mpata tikumbutsane za odwala oyamba a Covid-19. Atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo 2020, ndipo pa 7 Epulo mayi amene anali atangofika kuchokera ku UK anamwalira kuno ku Blantyre. Pambuyo pake matendawa anachuluka mwa abale athu obwerera kuchokera ku South Africa kudzera pachipata cha Mwanza. Kumapeto kwa Meyi, mazanamazana mwa obwererawa anathawa pa Kamuzu Stadium, pomwe ankasungidwa podikira zotsatira za kuyezedwa, ndipo kuwalondola kunali chintchito.

Vuto lagona apa: munthu amayamba kudwala pakadutsa masiku 2 mpaka 14 chitengereni kachilombo, kawirikawiri 5 kapena 6, koma amatha kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti zizindikiro zioneke. Kuyeza kutentha kwa thupi pachipata sikungamuzindikire wotereyu. N'chifukwa chake mu 2020 wolondola ankafunsa wodwala za onse amene anakhala nawo pafupi kuyambira masiku awiri asanadwale, kaya m'minibasi, kutchalitchi kapena pamaliro, n'kuwayang'anira masiku 14.

Chiwerengero cha odwala cholengezedwa chinkachepa. Kafukufuku wa magazi a ogwira ntchito zachipatala 500 mu Blantyre, mu Meyi ndi Juni 2020, anapeza kuti 12 mwa 100 alionse anali atatenga kale kachilomboka, chikhalirecho akuoneka athanzi.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ukonzeretu malo osungirako obwera kunja okhala ndi madzi, chakudya ndi zimbudzi zokwanira, komanso kuti nambala ya foni ya aliyense iziimbidwa pomwepo asanachoke pachipata.

Ogwira ntchito zaumoyo,
Blantyre