Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Masipika Akugonthetsa Ana Athu

Olemekezeka a Nduna,

Anthu akangokolola, maukwati ndi zinkhoswe zimayamba, ndipo amene amakhala pafupi kwambiri ndi masipika ndi ana. Akuluakulu amakhala m'mipando kudikira perekaniperekani, ana n'kumavina kutsogolo kwa zokuzira mawu mpaka dzuwa kulowa. Makanda nawo amakhala pomwepo, ali kumsana kwa amayi awo. Kumapemphero a usiku wonse ndi kumisonkhano ya ndale n'chimodzimodzi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 (madesibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata osavulala makutu, koma kwa mwana malire ake ndi madesibelo 75. Phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo imatsika ndi theka. Likafika pa 100, ngakhale wamkulu sayenera kupitirira mphindi pafupifupi 20 pa sabata yathunthu. Mu 2022 bungweli linanena kuti malo a zisangalalo asamapyole 100 ameneyo. Kodi pa DJ onse amene amalembedwa ganyu Loweruka lililonse, ndi angati anamvapo zimenezi?

Tizigawo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. Mwana amangodandaula kuti m'khutu mukulira, mawa lake n'kuoneka ngati wachira. Kuipa kwake kumadzaonekera m'kalasi: sakumva bwino aphunzitsi, ndiye ena amuyesa wamwano, ena mbuli. Zipatala zoyeza makutu zilipo, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha African Bible College (ABC) ku Lilongwe, koma mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa adzafikako liti, ndi ndalama ziti?

Sindikupempha kuti muletse magule, ayi. Pempho langa ndi lakuti alangizi a zaumoyo, amene amakumana ndi amayi kusikelo mwezi ndi mwezi, aziphunzitsanso za phokoso monga amachitira ndi katemera ndi maneti. Uthenga wake ndi wosavuta: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mwayandikana naye akumveni, mwana achoke pamalopo.

Mukambiranenso ndi makhonsolo kuti popereka chilolezo cha msonkhano aziikapo malire a phokoso ndi mtunda wa pakati pa masipika ndi anthu. Foni yamakono imatha kuyeza phokoso mongoyerekeza, choncho zipangizo zodula zisakhale chifukwa chozengerezera. Zitatheka, ntchitoyi iyambe pofika pa 3 Malichi, tsiku loganizira za makutu padziko lonse.

Ine wanu,
Kholo la ku Zomba